Chaka Chimene Mawu Anga Anathawa

Ine sindine munthu wolankhula. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi. Ndimalima mbatatesi ndi kabichi kumtunda kuno, kufupi ndi Tsangano, kumene mzere umayambira ku Malawi n'kukathera ku Mozambiki. Mbatatesi sizifuna nkhani. Zimafuna manyowa ndi khasu.

N'chifukwa chake mawu anga atathawa panapita masiku angapo pakhomo osadziwa. Akazi anga ankalankhula, ine n'kumagwedeza mutu monga mwa nthawi zonse. Anazindikira tsiku limene mwala wa pakhola unandigwera pachala. Ndinatsegula pakamwa kuti nditukwane. Panatuluka mpweya wokha.

"Inu, mwadwala," anatero. "Mwala wonsewu, osatukwana?"

Izi zisanachitike, mwana wanga wamkazi anali atabwera ndi nkhani. Wamkazi ndi yekhayo, ndiponso ndiye womaliza. Za ukwati wake tinkadziwa kale. Ankhoswe anali atamvana, mnyamatayo ndinali nditamuona, manja ake anali a munthu wogwira ntchito. Amawotcherera zitsulo ku Joni. Chatsopano chinali chakuti ukwati ukangotha amutenga kupita naye komweko. Mwanayo ananena zimenezi pakhonde, Lamulungu masana, mokweza, anthu akudutsa kuchokera kutchalitchi. Anatchula mwezi, anatchula tsiku, anatchula ndi basi yomwe. Lolemba ndinadzuka wopanda mawu. Ziwirizi ine sindinazilumikize. Ndinati ndi chisanu cha kuno.

Kunong'ona ndinkatha. Mchere ndinkapempha monong'ona, ogula kabichi ndinkakangana nawo monong'ona. Koma mwanayo akangokhala pafupi n'kufunsa kuti, "Ababa, za ulendo wanga mukuti bwanji?" ngakhale kunong'onako kunkazima. Khosi linkatseka ngati thumba lomanga ndi luzi.

Iye anaganiza kuti ndamukwiyira. Anadikira masiku, kenako ananditsatira kumunda.

"Ababa, ine sindikwera basi musanandiuze ndi pakamwa panu kuti pita. Kugwedeza mutu ayi. Mutu mumagwedezera aliyense, ngakhale woledzera wa pamsika."

Ndimamudziwa. Mutu wake ndi wanga, akanena wanena. Mnyamata uja ntchito sikanamudikira. Ukwati unali utatsala miyezi yochepa, ndipo ukanatha kupasuka chifukwa cha khosi langa.

Tinayesa mandimu, uchi, jinja. Akuluampingo anabwera kudzapemphera, anadya nkhuku, anapita. Ndiye tsiku lina mbuzi ya aneba inalowa m'dimba la kabichi. Ndinakuwa. Mawu anatuluka onse, mpaka galu wa kutsidya anauwa. Mbuzi itatuluka, mawu anabwerera kumene anabisala. Akazi anga anali atamva.

"Oho. Mawu a mbuzi muli nawo. A mwana wanu ndiye mulibe."

Zinandipweteka. Mawa lake tinakwera lole ya mbatatesi kupita kuchipatala cha kuboma.

Anandiunika kukhosi ndi tochi, anandigogoda pachifuwa, ananditsokomoletsa. Namwino anati khosi langa ndi labwino kuposa lake, ndipo anatilozera chitseko cha kumapeto. Pachitsekopo panalembedwa za matenda a maganizo. Kuwerenga ndimatha. Ndinatembenuka kuti ndizipita. Akazi anga anandigwira jekete.

"Lowani. Akapeza kuti mutu wanu suli bwino, ine ndidziwe kuti zaka zonsezi sindinkalakwitsa."

M'katimo munali dokotala, mnyamata woonda, wa magalasi, msinkhu wa mwana wanga wachiwiri. Nsapato zake zinali zoyera mopitirira. Anafunsa mafunso ochepa, akazi anga anayankha onse ndi ena amene sanafunsidwe. Kenako anawapempha mwaulemu kuti akadikire panja.

"Bambo, muzibwera Lachinayi lililonse. Muzigona pabedi apa. Ine ndizikhala kumbuyo kwanu. Muzinena chilichonse chimene chabwera m'mutu, ngakhale chopanda pake, ngakhale chamanyazi. Kunong'ona n'kokwanira."

"Mankhwala?" ndinanong'ona.

"Mankhwala ake ndi omwewo."

Ndinayang'ana bedilo. Mwamuna kugona masana, nyengo yopalira, mwana wa dzulo atakhala pampando. Ndinakumbukira mwana wanga kumunda kuja. Ndinavula majombo n'kugona.

Iye anakhala chete. Ine ndinakhala chete. Ndinaganiza kuti ndi mpikisano, ndipo pa kukhala chete sindinagonjepo kwa munthu. Ndinayang'ana kudenga. Kunali kangaude amene ankagwira ntchito kuposa tonse awiri. Nthawi itapita anati, "Lero tilekezere pomwepa, tionana Lachinayi." Pa lole ndinanong'oneza akazi anga kuti ndapambana.

Ulendo wachiwiri ndinagona tulo. Atandidzutsa sanakwiye. Anangoti mwina tulo n'kosavuta kuposa kulankhula. Ulendo wachitatu ndinamumvera chisoni, mnyamata wophunzira kumangomvera mkonono wanga, ndiye ndinamuuza za chiwawu cha mbatatesi. Ndinanong'ona za chiwawu mpaka nthawi inatha. Iye ankangoti, "Mm."

Tsiku lina ndinamufunsa mwachindunji.

"Adokotala, amayi aja akuti ndikunama. Mbuzi ndinaikuwira."

"Simukunama," anatero. "Kale ku Ulaya kunali dokotala wina amene ankalandira odwala ngati inu. Wina mwendo wauma, wina mawu athawa, koma akapima thupi osapeza kanthu. Atawamvetsera nthawi yaitali anaona kuti munthu sadziwa zonse zimene zili m'mutu mwake. Zina timazikwirira tili ana, kenako n'kuiwala kuti tinakwirira. Koma sizifa. Zikasowa potulukira zimatulukira m'thupi."

"Ngati mbatatesi yotsalira pokolola. Chaka chamawa imamera pakati pa chimanga."

"Eya, choncho."

"Ndiye kumbani."

"Munda ndi wanu, bambo. Ine sindidziwa pamene munakwirira."

Ndinafunsanso chifukwa chake amakhala kumbuyo ngati wakuba. Anati n'cholinga choti ndisamawerenge nkhope yake n'kumanena zomusangalatsa. Ndinamuuza kuti asade nkhawa, sindinasangalatsepo munthu. Ndinamva akuseka pang'ono, kenako anabisa ndi chifuwa.

Mnyamatayo chilichonse ankachifunsa. Ndikachedwa, ankafuna kudziwa za kuchedwako, ngakhale nditamuuza kuti lole inaphulika tayala. Ndinamutengera mbatatesi zosankha, zofiira, zazikulu ngati chibakera.

"Zikomo. Mukuganiza kuti mwandibweretsera chifukwa chiyani?"

"Kuti mudye. Mwaonda."

"Mm. Ndani wina amene munkamusankhira zabwino chonchi?"

Pobwerera, nditakhala pamwamba pa matumba, ndinakumbukira abambo anga. Iwo ankagwira ntchito kumigodi ya ku Joni. Akabwera kumudzi ankakhala owonda, ndipo ine ndinkawasankhira mbatata zazikulu. Popita kumunda ankayenda kumbuyo kwanga, osalankhula, n'kumangotsokomola. Ndinkadziwa kuti alipo chifukwa cha chifuwacho.

Sindinadziwe kuti zinayamba liti, koma ndinapezeka ndikumeta ndevu Lachinayi lililonse. Chipewa ndinkavulira patali ndisanafike pachitseko chake. Akazi anga anaona.

"Kumeta konseku chifukwa cha mwana wa eni? Pa ukwati wathu munabwera ndi ndevu ngati tonde."

Dokotala anafunsanso za maloto. Ndinati sindilota, ndimagona. Koma sabata yomweyo ndinalota. Ndili pamsewu, basi ikunyamuka, m'kamwa mwanga mwadzaza madzi. Ndikufuna kuitana koma ndikatsegula pakamwa madzi atayika, ndipo madziwo sayenera kutayika. Nditamuuza anafunsa chimene madziwo akundikumbutsa. Ndinati ludzu. Anati, "Mm." Tinasiya pomwepo.

Kunyumba zinthu sizinkayenda. Telala anali atayamba kusoka diresi. Mwana wanga ankandipatsa madzi osamba, ankagwada, koma osandiyang'ana. Chikwama chimene mnyamata wa ku Joni uja anatumiza chinali pamwamba pa kabati, chopanda kanthu. Mayi ake akamuuza kuti ayambe kulongedza, ankangoloza ine ndi maso.

Ndiye Lachinayi lina, nditangogona, dokotala analankhula ndisanayambe.

"Bambo, ndikuuzeni msanga. Lachinayi likubwerali sindikhalapo, ndi linzake lomwe. Ndikupita ku Blantyre kumaphunziro. Ndinyamuka Lolemba m'mawa pa basi."

Ndinadzuka. Sindinadzukepo pabedilo nthawi isanathe. Zenera linali lotsegula, panja panali anthu odikira. 

"Mwatani inu," ndinanong'ona mwaukali. "Ulendo sitinena."

"Bwanji?"

"Simubwera."

Anandiyang'ana. Aka kanali koyamba kuonana maso ndi maso kwa nthawi yaitali choncho.

"Anakuuzani zimenezo ndani?"

Ndinafuna kunena kuti aliyense amadziwa. Koma m'kamwa munadzaza malovu, ndipo ndinamva fungo la chikho chonyowa. Ndinagonanso. Zinabwera zokha.

Kwathu munthu wopita kumigodi sankatsanzika. Ankaopa anthu a mtima woipa, kuti akadziwa tsiku amutchera m'njira. Ankanyamuka m'mamawa, ndipo wofunsa ankauzidwa kuti apita ku Dedza kukaona odwala. Tsiku limene abambo anga ananyamuka ine ndinali wamng'ono, mano akutsogolo atagweluka. Ndinawaona atanyamula sutukesi ndipo ndinayamba kufunsa mokweza. Amayi anatunga madzi m'chikho.

"Imwa, koma usameze. Usunge m'kamwa mpaka abambo ako akapitirire phiri. Ukanena kwa munthu, sabwera."

Ndinaima pakhomo masaya atatupa. Abambo anandisisita kumutu n'kumapita. Phirilo linali kutali kwa munthu woyenda pansi. Madzi anafunda m'kamwa, koma sindinataye ngakhale dontho. Pambuyo pake anthu akandifunsa kuti abambo ako ali kuti, ndinkangoyang'ana pansi.

Ndipo abambo anabwera. Anabwera ndi bulangete, chipewa, ndi njinga yokhala ndi belu. Amayi anandiyang'ana n'kunena kuti, "Waona? Unasunga pakamwa." Anapitanso, ndinasunganso, anabweranso. Ulendo wachitatu chikho sichinafunike, ndinasunga pakamwa ndekha ndipo anabweranso. Anzawo ena sanabwere. Ine ndinkadziwa chifukwa chake: ana awo anali olongolola.

Zonsezi ndinanong'ona ndikuyang'ana kangaude uja. Nditamaliza dokotala anafunsa pang'onopang'ono.

"Mwana wanu ananena ulendo wake liti?"

"Lamulungu. Pakhonde. Mpingo wonse ukumva."

"Mawu anathawa liti?"

Ankadziwa, ndipo tsopano nanenso ndinkadziwa.

"Ndiye mwakhala mukumusungira madzi m'kamwa," anatero.

"Ndine wachikulire. Ndine mkhristu. Zimenezo sindikhulupirira."

"Inu simukhulupirira. Koma mwana wa mano ogweluka uja anaona zikugwira ntchito katatu."

Ndinaganiza kuti mawu abwera pomwepo, poti chokwiriridwa chakumbidwa. Ndinayesa. Mpweya wokha. Dokotala anati kudziwa kumafulumira, khosi limabwera m'mbuyo. Ndinamufunsa ngati sangasinthe tsiku la ulendo wake mwakachetechete. Anati ayi, anyamuka Lolemba lomwelo, ndipo adzandipeza pabedi pomwepa.

Loweruka ndinatsikira ku Biriwiri kwa alongo anga aakulu. Ndinawafunsa ngati akukumbukira za chikho. Anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Achimwene, mukanapanda madzi aja mudzi wonse ukanadziwa dzuwa lisanatuluke. Inu munali ngati wailesi. Munkalankhula ndi nkhuku, munkalankhula ndi mtondo. Amayi ankati mwana uyu adzakhala mbusa."

"Ine?"

"Inuyo. Tinkachita kukupatsani nzimbe kuti tipume."

Ndinabwerera ndikudabwa. Zaka zonsezi ndinkati ndinabadwa wachete. Nditauza akazi anga anaika manja m'chiuno.

"Ndiye ine ndinapatsidwa wailesi yopanda mabatire."

Masabata awiri amenewo sanandikomere. Ndinkatsegula wailesi yeniyeni kumvetsera za ngozi za pamsewu, chinthu chimene sindichita. Lachinayi loyamba ndinameta ndevu, ndinakwera lole, ndinakafika pachitseko chokhoma. Ndinkadziwa kuti palibe. Ndinakhala pabenchi nthawi yanga yonse, kenako ndinabwerera. Akazi anga sanaseke tsiku limenelo. Anangondiikira tiyi wa shuga wambiri.

Lachinayi lachitatu chitseko chinali chotsegula. Anali atakhala pampando wake, nsapato zoyera zomwe zija, mphuno itafiira ndi chimfine.

"Mwabwera," ndinatero.

Mawuwo anatuluka okha. Anali osasa, ngati chitseko cha nkhokwe chimene sichinatsegulidwe chaka chonse, koma anali mawu. Ndinachita mantha ndi phokoso lake.

"Ndabwera," anayankha. "Ndinanena, ndipo ndabwera."

"Mwina munangochita mwayi."

"Mwina. Nanga abambo anu?"

Ndinagona pabedi n'kuganiza. Ndinati abambo anga ankabwera chifukwa mgodi sunawagwere, ndiponso chifukwa ankakonda amayi. Masaya anga analibe nazo ntchito. Kunena zimenezi kunandipweteka pang'ono. Munthu ukagwira ntchito yaikulu kuyambira uli mwana, sufuna kumva kuti inali yopanda pake. Dokotala anati sinali yopanda pake, inathandiza mwana wamng'ono kudikira osasweka mtima, koma tsopano ndikhoza kupuma. Ndinayang'ana kudenga. Kangaude uja anali atasamuka.

Pa lole sindinauze munthu. Ndinkayesera mawu pansipansi, injini ikubisa. Nditafika ndinapeza mwana wanga pakhonde akusankha nyemba. Mayi ake anali pafupi, ndipo aneba a mbuzi aja anali pampanda kubwereka sefa. Ndinaona anebawo ndipo khosi linayamba kumangika. Ndinameza malovu. Ndinameza kawiri.

"Iwe."

Lichero linatsala pang'ono kugwa.

"Ababa?"

"Upite. Tsiku lomwe unanena lija. Basi yomwe ija."

Anandiyang'ana, maso atadzaza misozi.

"Bwerezani. Mwina ndamva mphepo."

"Pita, mwana wanga. Sindinakukwiyire. Ndinkaopa."

"Munkaopa chiyani?"

"Nkhani yaitali. Tsitsa chikwama."

Akazi anga anaombera m'manja kamodzi n'kutembenukira kwa aneba.

"Mwamva? Miyezi yonseyi kukwera malole, kumeta ndevu, mawu ake ndi omwewa. Akanawatumiza pa foni."

Koma ndinawaona akupukuta m'maso ndi chitenje polowa m'nyumba.

Pa ukwati anandipatsa maikolofoni. Anthu anakhala bwino, poganiza kuti munthu amene wasunga mawu miyezi yambiri atulutsa ambiri. Ndinati mnyamatayo amusamale, mtsikanayo asamakuwe, ndipo anthu adye. Ena amati aka kanali koyamba kudya mpunga wotentha pa ukwati.

Tsiku la ulendo tinawaperekeza mpaka pamphambano ya msewu waukulu. Theka la mudzi linabwera, chifukwa akazi anga anali atauza aliyense. Minibasi itaima ndinamva m'kamwa mukudzaza. Ndinalavulira m'fumbi.

"Muyende bwino," ndinatero mokweza, kondakitala akumva. "Ukafika uimbe."

Anaimba atafika. Anaimbanso mawa lake. Amaimba mpaka lero, mopitirira muyeso, ndipo safuna mayi ake okha.

Kwa dokotala ndinapitabe kwa kanthawi. Anati si bwino kudula mwadzidzidzi, ndipo tinagwirizana tsiku lomaliza kudakali nthawi. Tsikulo tinatsanzikana bwinobwino, zenera lili lotsegula. Ndinamusiyira thumba la mbatatesi. Anatsegula pakamwa kuti afunse chifukwa chake. Ndinakweza chala. Anatseka.

Sindinasanduke wolankhula. Ndikamapita kukagulitsa ku Lilongwe sindiuzabe aneba tsiku, ndimati ndi chifukwa cha akuba. Koma akazi anga ndimawauza.

Mwana wanga anabwera patapita zaka zingapo, nthawi ya Khirisimasi, ndi kamwana kakamuna. Kameneko sikatseka pakamwa. Kanafunsa nkhuku dzina, kanafunsa chifukwa chake mbatatesi zimabisala pansi, kanafunsa chifukwa chake agogo ali ndi tsitsi m'makutu. Tsiku lobwerera kanaima pampanda n'kumauza aliyense wodutsa kuti tikupita ku Joni lero, pa basi yaikulu, ya chimbudzi m'kati. Akazi anga anandiyang'ana cham'mbali.

"Ndikatunge madzi m'chikho?"

"Musiyeni," ndinatero. Ndinakanyamula n'kukaika pamwala wa pakhola, kuti a kutsidya amvenso.